Voti ndi Ukalamba pa Likhubula

Ife a pa Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, za sosholizimu tidazimva kwa abale othaŵa nkhondo ku Mozambique, kumene chipani cha Frelimo chidasankha njirayo m'chaka cha 1977. Kuno, m'nthaŵi ya Kamuzu Banda, dzina lokhalo linkaopsa kulitchula.

Pa 17 Meyi 1994, tsiku limene tidasankha Bakili Muluzi, funso la nkhalamba silinali la maina a ziphunzitso ayi. Linali lakuti: mphamvu zikatha, adzandisunga ndani? Lamulo la penshoni la 2011 lidakumbukira olembedwa ntchito. Mlimi ndi wonyamulira alendo katundu paphiri adatsala kunja.

Tsono ofuna upulezidenti akabwera, tiyambe taŵafunsa za anthu ameneŵa. Paja ukalamba udikira tonse.