Amonke a ku Hadrumetum ndi mlandu wa caulere

Caka ciliconse, akatekumeni athu akayandikira ubatizo wa usiku wa Pasaka, sipalephera kupezeka mmodzi wowerengera kuti pa katekese sanaphonye, mapemphero analoweza, mtulo anapereka, ndiye ubatizo ndi malipiro ake. Sitimuseka, pakuti maganizo amenewa ndi akale kwambiri, ndipo mlandu wake unazengedwa pa nthaka ya Afrika.

Mwini maganizowo anali Pelágio, munthu wa ku zisumbu za Britânia, wodziletsa ndi wolemekezeka, amene ankaphunzitsa ku Roma. Ulesi wa akhristu a mumzindawo unkamuwawa mtima. Iye ankati Mulungu salamula cinthu cosatheka, kotero munthu ali nayo mphamvu yosacimwa ngati afuna, ndipo chimo la Adamu linangotipatsa citsanzo coipa. Tisafulumire kumuda: wophunzitsa aliyense amene anatopapo ndi anthu ofunda amamva cimene cinkamupweteka. Ankhondo a Alarico atalowa mu Roma m'caka ca 410, Pelágio anawolokera ku Afrika pamodzi ndi wophunzira wake Celéstio, amene anatsutsidwa ku Cartago cifukwa cokana kuti makanda amabadwa ndi chimo.

Agostinho, episkopi wa ku Hipona, kumene lero kuli mzinda wa Annaba ku Argélia, ankadziwa za mumtima mwake. Asanabatizidwe ku Milão mu 387 anakhala zaka zambiri akudziwa cabwino koma osatha kucicita. Kwa iye lamulo linali ngati sing'anga wouza wodwala dzina la nthenda yake popanda kumpatsa mankhwala. Pa 1 Maio 418 aepiskopi pafupifupi 200 anasonkhana ku Cartago nagamula kuti makanda amabatizidwa kuti akhululukidwe chimo lobadwa nalo, ndi kuti caulere sicingofafaniza macimo akale, komanso cimapatsa munthu cikondi ndi mphamvu yocitira cabwino. Papa Zósimo, amene poyamba anaoneka wopendekera kwa Pelágio, anavomereza cigamuloco.

Nkhani imene ife timaikonda inadza pambuyo pake, ca m'ma 426, m'nyumba ya amonke ku Hadrumetum, mzinda wochedwa Sousse masiku ano ku Tunísia. Mmonke wina, Floro, ali pa ulendo anakopera kalata ya Agostinho yonena za caulere naitumiza kwawo. Kalatayo inagawa nyumba. Awa anali anthu osala kudya, odzuka usiku kukapemphera, ndipo tsopano anamva ngati thukuta lawo lonse layesedwa cabe. Mkulu wawo, Valentino, analola awiri, Crescónio ndi Félix, kupita ku Hipona. Agostinho, nkhalamba ya zaka zopitirira 70, sanawabweze pakhomo. Anawasunga mpaka Pasaka itapita, akuwerenga nawo ndi kuwafotokozera, nawalembera buku lonena za caulere ndi ufulu wosankha. Mfundo yake inali yakuti caulere sicipha ufulu wa munthu koma cimauciritsa, ndipo Mulungu popereka mphotho pa nchito zathu zabwino amalemekeza mphatso zake zomwe.

Kenaka kunamveka funso lina, la nzeru zocenjera zimene timazidziwa bwino m'miphakati yathu: ngati zonse n'za caulere, mkulu alekeretu kutidzudzula, angotipempherera. Agostinho analembanso buku laciwiri. Anayankha kuti wolakwa walakwa ndi kufuna kwake, motero ayenera kudzudzulidwa, ndipo cidzudzuloco cingakhale njira imene caulere cidzere kuti cimufike. Wodzudzula sadziwa amene adzatembenuka, conco adzudzule mwacikondi ndi kupempherera onse.

Mkanganowo unawolokera ku Gália, ndipo Agostinho anamwalira pa 28 Agosto 430, Hipona atazingidwa ndi ankhondo a Vândalos, usanathe. Unakhazikika mu 529 pa msonkhano wa ku Orange, motsogozedwa ndi Cesário wa ku Arles. Aepiskopi kumeneko anati ngakhale ciyambi ca cikhulupiriro, ndi kufuna komwe kubatizidwa, ndi mphatso ya Mzimu Woyera. Anawonjezanso kuti obatizidwa onse angathe kucita zofunika pa cipulumutso cawo ngati agwira nchito mokhulupirika, Khristu akuwathandiza, ndipo anakana kwamtuwagalu kuti Mulungu anaikiratu munthu wina aliyense kuti acite zoipa.