Misewu ya Lilongwe ndi Kufutukuka kwa Mzinda

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Lilongwe inali boma laling'ono la atsamunda m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Misewu ya m'dera lomwe lero limatchedwa Old Town inali ifupiifupi ndi yolumikizana, kotero kuti munthu ankayenda wapansi kuchoka kumsika kupita kuchipatala.

Zinthu zinasintha mu 1965 pamene Dr. Hastings Kamuzu Banda analengeza kuti likulu lichoke ku Zomba. Mu 1968 boma linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation, ndipo ntchito inayamba ndi ngongole yochokera ku South Africa. Akatswiri a mapulani a m'dzikolo analekanitsa malo okhala anthu, a maofesi ndi a mafakitale, pakati pake n'kusiya nkhalango ndi madambo. Capital Hill inamangidwa makilomita angapo kumpoto kwa Old Town, mafakitale n'kuikidwa ku Kanengo. Madera anapatsidwa manambala m'malo mwa mayina, ndipo ambiri ali ndi njira zochepa zotulukira kumsewu waukulu. Lilongwe inakhala likulu mu 1975.

Mapulaniwo anaganizira munthu wa galimoto, chonsecho ambiri mwa anthu obwera mumzindawu analibe galimoto. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 19,000, wa 1987 anthu oposa 220,000, ndipo wa 2018 pafupifupi 990,000. Osowa malo m'madera okonzedwa anakamanga ku Mtandire, Chinsapo, Kauma ndi Mgona, komwe kumadziwika ndi mayina osati manambala. Kumeneko nyumba ndizo zinayamba, msewu n'kubwera pambuyo. Tinjira ta apansi n'tambiri ndi tolumikizana, koma ambulansi kapena galimoto yozimitsa moto imavutika kulowa.

Izi si za Lilongwe yokha. Kafukufuku wa Christopher Barrington-Leigh ndi Adam Millard-Ball wa 2020 anasonyeza kuti m'maiko ambiri misewu yomangidwa kuyambira 1975 ndi yosalumikizana bwino poyerekeza ndi yakale.

Vuto lake n'lakuti nyumba imagwetsedwa n'kumangidwanso, koma msewu ukalambulidwa umakhala pomwepo mibadwo ingapo. Mitunda yomwe inajambulidwa papepala mu 1968 ndiyo imene wantchito wa ku Chinsapo amalipira m'mawa uliwonse pokwera minibasi ndi kabaza. Minda yomwe ikudulidwa mapuloti m'mphepete mwa mzindawu idzasenzetsa ana a mawa katundu yemweyo ngati malo a misewu sasiyidwa nyumba zisanamangidwe.