Mmene Ntchito Yoyang'anira Netiweki za Makompyuta Inayambira

Ntchito ya mainjiniya oyang'anira netiweki, omwe udindo wawo ndi kuonetsetsa kuti makompyuta olumikizidwa akutumizirana uthenga usana ndi usiku, inayambira ku America chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo chomwe chinaibala ndi mavuto omwe ankabuka pa netiweki yotchedwa ARPANET. Mu 1969 kampani ya Bolt Beranek and Newman, yodziwika mwachidule kuti BBN, ya mumzinda wa Cambridge m'chigawo cha Massachusetts, inapanga makina olumikizira makompyuta a m'mayunivesite itapatsidwa ntchitoyo ndi ARPA, nthambi yakafukufuku ya unduna wa zachitetezo. Makinawo, otchedwa IMP, ankagawa uthenga m'tizigawo n'kumatipatsirana kudzera m'mawaya a telefoni obwerekedwa ku kampani ya AT&T, ndipo pofika December chaka chomwecho malo anayi anali atalumikizidwa: UCLA, Stanford Research Institute, yunivesite ya California ku Santa Barbara ndi yunivesite ya Utah.

Gulu lomwe linapanga makinawo, motsogozedwa ndi Frank Heart, linaika mu IMP iliyonse pulogalamu yoti izidzipima yokha ndi kutumiza lipoti pafupipafupi, lofotokoza ngati mawaya ake ali bwino komanso kuchuluka kwa uthenga womwe wadutsa. BBN italumikizidwa mu 1970, malipotiwo anayamba kufikira ku Cambridge, kumene ankasindikizidwa papepala, ndipo chipinda chomwe ankawerengeramo ndicho chinasanduka Network Control Center, kutanthauza likulu loyang'anira netiweki. Poyamba anthu a kukampani ya telefoni sankamvetsa akalandira foni yochokera ku Massachusetts yowauza kuti waya wawo wina wa ku California wayamba kuvuta, pakuti iwo anazolowera kuti vuto limadziwika wogwiritsa ntchito telefoni akadandaula. Apa ndi pomwe panagona kusiyana kwa ntchito yatsopanoyi ndi ya amisiri okonza zinthu zikawonongeka: woyang'anira netiweki ankayenera kuona vuto ali kutali, kuzindikira ngati lili m'waya, m'makina kapena m'pulogalamu, n'kudziwitsa mwini wake eni uthenga asanazindikire kanthu.

Alex McKenzie, yemwe anatsogolera likululi m'zaka zoyambirirazo, ankalimbikira kuti netiweki isatengedwenso ngati chinthu choyesera akatswiri, koma ngati magetsi omwe munthu amayembekeza kuwapeza nthawi iliyonse. Maganizo amenewo ndi omwe anakhazikitsa zambiri zomwe mainjiniyawa amachita mpaka lero, monga kusinthana pantchito kuti pamalopo pasasowe munthu, kulemba vuto lililonse ndi nthawi yomwe latenga, kusankha nthawi yoikika yosinthira mapulogalamu, ndi kukonza makina akutali popanda kupitako, pakuti IMP yosokonekera inkatha kutenganso pulogalamu yake kuchokera ku IMP yoyandikana nayo.

Chomwe chinaonetsa bwino kulemera kwa udindowu chinachitika pa 27 October 1980, pamene ARPANET yonse inaima kwa maola angapo. Makina a IMP ankauzana za mmene njira zilili kudzera m'mauthenga okhala ndi nambala, kuti wolandira adziwe uthenga watsopano n'kutaya wakale, ndipo nambalazo zinkazungulira, zikafika pa 63 n'kuyambiranso pa 0. Chifukwa cha vuto la m'makina amodzi, uthenga umodzi unasanduka mauthenga atatu okhala ndi nambala 44, 40 ndi 8, ndipo malinga ndi lamulo lowerengera, 44 inali yatsopano kuposa 40, 40 inali yatsopano kuposa 8, pomwe 8 inaonekanso yatsopano kuposa 44. Choncho makina onse ankalandira mauthenga atatuwo n'kumawatumizanso kosalekeza, ndipo popeza mauthenga a njira ankaikidwa patsogolo pa ena onse, uthenga wa anthu unasowa podutsa. Palibe waya womwe unaduka tsikulo. Makina aliwonse ankangotsatira lamulo lake mokhulupirika, ndipo n'chifukwa chake vutoli linali lovuta kulipeza. Eric Rosen wa ku BBN analemba tsatanetsatane wake m'chikalata chotchedwa RFC 789, chomwe ndi chimodzi mwa zitsanzo zakale za mwambo wabwino wa ntchitoyi wofotokoza poyera chomwe chalakwika kuti ena aphunzirepo.

M'zaka zotsatira ntchitoyi inasintha chifukwa netiweki sinalinso imodzi yokhala ndi likulu limodzi. Kuyambira mu 1988 bungwe la Merit linkayang'anira netiweki yaikulu ya NSFNET lili ku Ann Arbor, m'chigawo cha Michigan, ndipo chaka chomwecho kunatuluka SNMP, ndondomeko yomwe imalola injiniya kufunsa makina a makampani osiyanasiyana za mmene akuyendera. Intaneti itagawika m'manja mwa makampani ambiri, injiniya wa kampani imodzi anayamba kudalira mnzake wa kampani yopikisana nayo, chifukwa rauta imodzi, omwe ndi makina osankhira uthenga njira, ikalengeza njira yolakwika imasocheretsa uthenga wa enanso. Kudalirana kumeneku ndi komwe kunachititsa kuti mainjiniya akhazikitse mabwalo awoawo okambirana, monga NANOG ku North America mu 1994, ndi AfNOG, yomwe msonkhano wake woyamba unachitikira ku Cape Town mu 2000 ndipo yakhala ikuphunzitsa mainjiniya ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa.