Waganyu wa cholembera pa doko la Chipoka

Anthu akandifunsa ntchito imene ndimagwira, ndimayamba ndakanda m'mutu. Ndikati ndine mlembi, amafunsa kuti wa khoti liti kapena wa mfumu iti. Ndikati mtolankhani, amafuna ndiwaonetse chiphaso cha kampani, chimene ine sindinakhalepo nacho chibadwire. Malemu mayi anga ndiwo anaidula nkhaniyi kalekale. Iwo ankangoti, "Ameneyu ndi waganyu, kungoti khasu lake ndi cholembera." Zaka zoposa 30 ndakhala pa ganyu ameneyu ndili pano pa Chipoka, ndipo lero ndati ndikambeko mbiri yake. Koma awerengi mundipirire, chifukwa mbiri ya munthu wolemba ali pa Chipoka imayambira pa njanji ndi pa sitima. Nkhani ikalembedwa imafuna miyendo.

Njanji inafika kuno mu 1935, chaka chomwe mlatho waukulu wa pa Zambezi, ku Sena, unatsegulidwa. Kuyambira pamenepo katundu wotsika pa doko la Beira ankakwera ngolo za njanji mpaka kudzaona nyanja yathu ino, ndipo Chipoka anasanduka mphambano pamene sitima ya pamtunda inkapatsana moni ndi ya pamadzi. Sitima ya Vipya itamira kumpotoku mu July 1946, n'kupita ndi anthu 145, eni njanji anaitanitsa ina kwa amisiri a Yarrow ku Glasgow. Inamangidwa mu 1949, n'kuphwasulidwa, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira mpaka pano, ndipo italumikizidwa ku Monkey Bay inayamba kuyenda mu 1951. Imeneyo ndiye Ilala. Bambo anga, amene anakalambira pa jeti akusenza matumba, ankanyadira kuti iwo Ilala anaiona isanakhale sitima, ili zitsulozitsulo pa ngolo.

Kwa ine mwana, phindu la zonsezi linali mapepala. Apaulendo odikira sitima ankasiya Malawi News, Boma Lathu, Odini, nthawi zina Moni wathunthu, ndipo ine ndinkalimbirana ndi amayi ogulitsa mandasi amene ankafuna zokulungira. Nkhani zambiri ndinaziwerenga zopanda mathero, theka lake litapita ndi mandasi. Mwina n'chifukwa chake ndinayamba kupeka mathero anga.

Chimene sindinachione msanga n'chakuti alembi onse amene tinkawerenga kusukulu anali ndi munda wina. Samuel Ntara, amene buku lake la Nthondo linapata mphoto mu 1933 n'kumasuliridwa m'Chingerezi chaka chotsatira, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. John Gwengwe ndi E.J. Chadza anali anthu a choko nawonso. Ngakhale a D.D. Phiri, amene anasiya ntchito ya boma mu 1976 n'kudzakhala mlembi woima payekha wodziwika koposa m'dziko muno, anatsegula sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata, ya Aggrey Memorial. Akuluakulu amenewa ankadziwa kuti cholembera pachokha sichiphika nsima.

Inenso poyamba ndinali ndi munda wanga. Nkhondo ya ku Mozambique itatseka njira za Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, boma linatembenukira kumpoto: katundu azitsika ku Dar es Salaam, adzere ku Mbeya, akwere sitima ku Chilumba, adzatsikire pano. Sitima ya Ufulu inkabwera ndi mafuta, ya Katundu ndi makontena. Ine ndinali kalaliki wowerenga matumba pa kampani ina yamtengatenga, ndipo ndinkalemba usiku. Nkhani zanga zoyamba zinali za chikondi ndi za afiti, osati poti ndinkazidziwa kwambiri, koma poti fisi wokwera ndi mtsikana wokana mwamuna sankamangitsa munthu. Lamulo lounika zolembedwa linalipo kuyambira 1968, koma wounika wamkulu anali m'mimba mwa mlembi mwini wake. Jack Mapanje atatengedwa mu 1987 kupita ku Mikuyu, kumene anakhala mpaka 1991, ife kuno tinamva monong'ona, ndipo sabata imeneyo ndinasonkhezera moto makope anga awiri amene, kunena zoona, munalibe kanthu koopsa.

Kenaka inabwera kalata ya maepiskopi ya pa 8 March 1992, ndipo pakamwa pa dziko panatseguka. Pofika pa riferendamu ya pa 14 June 1993, nyuzipepala zinali zitamera ngati bowa wa pachulu: Michiru Sun, The New Express, The Independent, The Monitor, The Democrat, kenaka The Nation mu July chaka chomwecho, ndi zina zambiri zimene zinkatuluka kawiri katatu n'kuzimirira. Zonsezi zinali m'tauni, zopanda galimoto, zopanda atolankhani kumidzi, ndipo zinkafuna munthu woti aziwauza zimene akunyanja akunena. Ine ndinaona ngati mvula yagwera m'munda mwanga ndekha. Ntchito ya ukalaliki ndinaisiya ndekha, palibe anandichotsa. Amayi akunyumba anangofunsa funso limodzi: "Ndiye pakutha pa mwezi azitipatsa ndani?" Ndinawayankha mawu ambiri okoma okhudza ufulu.

Tsiku langa linkayamba tambala woyamba, nyali za asodzi zikubwerera kumtunda. Ndinkayatsa koloboyi, n'kulemba pamanja, chifukwa taipi yanga yogula kwa mphunzitsi wopuma inkalira ngati chigayo ndipo ikanadzutsa ana. Kukacha amayi ankatsetserekera kugombe kukagula usipa woti ayanike pa thandala, ine n'kutsala ndi phala pamoto, wina ndikumusambitsa, wina ndikumufunira pensulo yotayika. Anzanga a pa bawo ankanditcha mlonda wa mapoto. Akulu akapita kusukulu m'pamene ndinkataipa, kaboni pakati, kuti kope imodzi itsale ngati mboni. Riboni ikauma ndinkaidontheza parafini pang'ono kuti ipirire sabata ina.

Kutumiza ndiye inali nkhondo. Positi inkafika, inde, koma nkhani ya ndale masiku amenewo inkasasa msanga kuposa thobwa. Ndiye envulopu ndinkaipereka kwa kondakitala wa basi yopita ku Blantyre, kapena kwa mnzanga wa pa sitima yopita ku Limbe, pamodzi ndi ya Fanta. Ikapita, ndinkapalasa njinga makilomita pafupifupi 30 kupita ku Salima kukasuzumira kwa ogulitsa nyuzi ngati yatuluka. Nthawi zina ndinkaipeza, ndime zanga zonse zilipo, koma pamwamba palembedwa kuti "Mtolankhani Wathu". Wathu! Pa tsiku la malipiro uwathuwo sunkaoneka.

Tsopano ndifike pa ulendo umene unandiphunzitsa mtengo wa ntchitoyi. Kumayambiriro kwa May 1994, chisankho cha pa 17 May chitayandikira, mkonzi wina ananditumizira uthenga kuti ndipite ku Likoma ndikalembe mmene anthu a pachilumba akukonzekerera. Nyuziyo sindiitchula, ndipo si imodzi mwa zimene ndatchula pamwambapa. Masiku amenewo Ilala inkachoka ku Monkey Bay Lachisanu, kuima pano tsiku lomwelo, n'kupita mpaka ku Chilumba, ndipo inkadzaonekanso pano Lachitatu. Ukakwera, wakwera. Panalibe zoti ndasintha maganizo.

Lachisanu limenelo kunacha mwana wathu wamkazi wa zaka ziwiri atatentha thupi.

"Bambo, mwanayu sanagone usiku wonse. Mupitabe?"

"Amayi, ndi masiku asanu okha. Lachitatu ndafika. Ndalama yake ndi yomweyi tigulire chimanga."

Sanayankhe. Anangondikulungira chinangwa chophika ndi usipa wokazinga m'kansalu.

Ulendowo, Mulungu andikhululukire, ndinaukonda. Ndinagona pansi penipeni pa sitima, pakati pa matumba a chimanga, njinga, nkhuku ndi amayi a ku Chizumulu obwerera kogula shuga, ndipo aliyense ankakamba ndale mokweza, chinthu chimene zaka zitatu m'mbuyomo chikanatsitsa munthu pa doko lotsatira ali m'maunyolo. Ku Likoma tinatsikira m'maboti, madzi m'mawondo. Ndinaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, ndinacheza ndi nkhalamba zimene zinagwirapo ntchito ku Joni ndi ku Salisbury, zikukangana pansi pa mlambe wailesi ili pakati. Nkhani imene ndinalemba kumeneko, pepala lili pabondo, mpaka lero ndimaiyesa yabwino koposa zonse zimene dzanja langa linalembapo. Zimenezi n'zimene zimandipweteka.

Lachitatu sitima ikuyandikira pa jeti, ndinaona alamu anga ataima pamene amayi ankaima.

"Alamu, kunyumba musathamangireko. Ali ku Mua."

Loweruka usiku mwana anayamba kukomoka. Anali malungo aakulu. Amayi anamubereka mumdima kupita kumsewu, n'kuimitsa lole, mpaka kuchipatala cha mishoni ku Mua. Magazi anali atatha m'thupi, ndipo amene anapereka ake ndi alamu anga omwewo, pamene ine bambo wake ndinali kufunsa nkhalamba za demokalase. Usipa wonse wa pa thandala, mpamba wa miyezi itatu, apongozi anaugulitsa mogwetsa kwa wogula woyamba amene anafika, kuti papezeke ya chipatala. Mwanayo anachira. Nditalowa m'wodi amayi anandiyang'ana, maso ali gwa, n'kunena motsitsa kuti, "Mwafika? Nkhani ija yalembeka?" Bola akanandilalatira.

Nkhaniyo inatuluka, tsamba lathunthu, dzina langa lolembedwa bwino. Cheke ndiye chinafika mu November. Apa pafunika kukumbutsa achinyamata kuti mu February 1994 boma linaisiya kwacha kuti iziyandama payokha pamsika. Chaka chikuyamba dola imodzi inali K4 ndi kanthu. Chikutha inali itafika pa K15. Malipiro amene tinagwirizana mu May akanagula thumba la chimanga. Nditapita nacho ku banki ku Salima, n'kudikira masiku oti chipse, n'kuchotsapo ya ulendo, zimene zinatsala ndinabwera nazo m'ndowa imodzi yosadzaza. Nyuzi ina inafa ili ndi ngongole yanga ya nkhani zitatu. Ndinapita ku Blantyre kukalonjerera, ndinapeza pa ofesi paja akugulitsa matayala.

Akamalemba mbiri ya manyuzipepala a zaka zimenezo amatchula eni ake, akonzi, amene anamangidwa ndi amene nyuzi zawo zinalandidwa, ndipo n'koyenera, anthu amenewa anavutikadi. Koma ine ndimadziwa chimene chinalipira sitampu, riboni, parafini ndi tikiti ya Ilala kwa waganyu wa pa Chipoka. Ndi usipa. Ndikukhulupirira kuti kwa anzanga a ku Ntcheu zinali mbatata za kachewere za akazi awo, kwa a ku Nkhata Bay kondowole wa pamsika. Ufulu wa atolankhani wa 1993, gawo lake lakumudzi, unayenda pa mpamba wa amayi amene ambiri a iwo nyuzi ya Chingerezi sankaiwerenga n'komwe.

Kuchokera pa ulendo wa ku Likoma pakhomo panga panakhazikika lamulo, ndipo si ine ndinalikhazikitsa. Ulendo uliwonse, mkonzi atsogoze ya thiransipoti yopita ndi yobwerera, ndipo ndisanatuluke ndisiye ya ndiwo ndi ya chipatala m'chitini. Akonzi ena anandisiya, ati ndine wovuta. Bungwe la alembi la MAWU litayamba mu 1995, misonkhano yambiri ndinkangoimvera pa wailesi chifukwa chitini chinali chopanda kanthu. Ndinayamba kulandira chilichonse: kumasulira timabuku ta mabungwe ta Edzi ndi ta kolera, kulembera anthu makalata ofunsira ntchito, timasewero ta pa wailesi, ngakhale mbiri ya womwalira yowerenga pamanda.

Dokolo nalo linayamba kufota tikuona. Mtendere utabwerera ku Mozambique mu October 1992, katundu anayamba kubwerera ku njira zake zakale. Njanji inaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways mu 1999, mlatho wa pa Rivirivi unakokoloka mu 2003, sitima ya anthu inaleka kufika kuno, ndipo madzi atatsika mchenga n'kudzaza padoko, zinafika poti Ilala ikungotilambalala. Msewu wa M5 ndiwo unatenga anthu onse. Mphambano imene inandipatsa mapepala oyamba inasanduka malo odyetsera mbuzi.

Miyendo ya nkhani lero ndi foni. Ndimalemba m'mawa monga kale, mdzukulu n'kunditumizira pa WhatsApp, ndipo ndisanamalize tiyi mkonzi ku Blantyre wailandira. Airtel Money inabwera mu 2012, Mpamba mu 2013, njinga ya ku Salima inapuma. Chodabwitsa n'chakuti nkhani ikuuluka ngati mphezi koma malipiro akuyendabe ngati kamba uja wa mu 1994. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndinali ndi nkhani ziwiri zosalipidwa, ndipo ndinaseka ndekha pakhonde mpaka amayi anatuluka kudzaona ngati mutu wayamba.

Mwana uja lero ndi mphunzitsi, ndipo kamwana kake kakukhala ndi ife. Mwezi wathawu anandiimbira a magazini ina kuti ndipite ku Nkhotakota masiku atatu, thiransipoti atumiziratu, ya chitini iliponso. Usiku umenewo kamdzukulu kanayamba kutsokomola. M'mawa amayi anandiikira madzi osamba, anandisitira malaya, chikwama anachiika pakhomo, n'kukhala pa mkeka kamwanako kali pamiyendo.

"Agogo, basi ikusiyani," anatero, osandiyang'ana.

Ndinatenga chikwama n'kuchibweza kuchipinda. Anthu a ku Nkhotakota aja ndinawafunsa pa foni, mayunitsi anandithera kawiri, ndipo nkhaniyo inatuluka yozizira ndithu.