KHOMO LA SUKULU YA ANAMWINO: M'MENE LINATSEGUKIRA ANA ATHU AKAZI

Masiku ano, kalata ikafika pamudzi yakuti mwana wa uje aitanidwa ku sukulu ya anamwino, mbiriyo imveka ponse dzuwa lisanapendeke. Amai aliza nthungululu, ndipo amalume ayamba kusuzumira m'khola kusankha mbuzi yogulitsa. Ana obadwa dzulo ayesa kuti zinali cotero ciyambire. Iai, sizinatero. Khomo limeneli linatseguka pang'ono pang'ono, zaka zambiri, ndipo mwana wamkazi, amene lero adzaza m'nyumbamo, ndiye analowapo potsiriza. Ife aphunzitsi a m'midzi tatumidwa kulemba m'buku lino la cikumbutso m'mene zinayendera, kuti inu abale a mumpingo, makamaka inu akatekisi amene makolo adza kwa inu ndi makalata otere kuti muwawerengere, mudziwe kulemera kwace kwa pepala limene mwaligwira.

Oyamba kulowa m'nchito ya cipatala anali amuna. Dr Robert Laws anafika ku Cape Maclear caka ca 1875, ndipo caka cotsatira anagoneka munthu tulo ndi mankhwala a chloroform, namcotsa cotupa pamwamba pa diso. Munthuyo anadzuka wosadziwa kuti anamceka. Pamenepo odwala anayamba kudza ku mishoni, ndipo dotolo mmodzi sakanatha kutsuka zironda zonse, kuzula mano onse, ndi kutumbula matekenya amene anafalikira m'dziko muno cisanafike caka ca 1900. Cotero madotolo anatenga anyamata a m'sukulu kuti awathandize. Ku Blantyre, Dr Neil Macvicar, amene anafika caka ca 1896, sanakhutire ndi anyamata ongogwira mbale ndi nsaru. Anawakhazika pansi, nawaphunzitsa za thupi la munthu ndi za mankhwala, nawalembetsa mayeso. Wodziwika mwa iwo ndiye John Gray Kufa, amene anakhoza mayeso ace caka ca 1898, natumidwa kukathandiza odwala kwa Alomwe, m'dziko la Apwitikizi. Yemweyo Boma linamupha caka ca 1915, pa nkhondo ya John Chilembwe.

Macvicar ameneyu tisamsiye msanga, pakuti cimene sanacione kuno anakaciona kwina. Atacoka ku Blantyre anakagwira nchito ku Victoria Hospital, ku Lovedale m'dziko la South Africa, komwe kunacokera William Koyi ndi anzace odzathandiza Dr Laws. Kumeneko caka ca 1903 analandira atsikana awiri akuda kuti aphunzire unamwino, ndipo mmodzi wa iwo, Cecilia Makiwane, analembedwa m'buku la anamwino a Boma mwezi wa January 1908, woyamba mwa akazi akuda a dziko lija. Taonani cimene cinamlowetsa: anali mwana wa mbusa, ndipo anali atatsiriza kale maphunziro a uphunzitsi. Mayeso amene analemba anali omwewo olemba Azungu, ndiponso m'Cingerezi. Mtima wacifundo anali nao, inde. Koma pakhomo paja anamfunsa za sukulu.

Nanga kwathu kuno cinacedwetsa ana akazi nciani? Coyamba ndi sukulu yomweyo. Makolo anali kunena, Mwana wamkazi aphunzirirenji, popeza adzakwatiwa? Mtsikana akatha msinkhu analowa cinamwali, ndipo potulukamo mbeta yace inali itafunsidwa kale. M'sukulu za m'midzi atsikana anali ambiri pa kalasi ya A, E, I, O, U, koma pofika makalasi a pamwamba anatsala owerengeka ndi zala.

Caciwiri cinali cozama koposa, ndipo tiyenera kucilongosola mwaulemu, pakuti ndi mwambo wa amene anatibala. Pa Cicewa, kubadwa kwa mwana ndi cinsinsi ca akazi akuru. M'cikuta munalowa azamba ndi anamkungwi okha. Mwamuna sanayandikire, ndi namwali wosabala sanaloledwe ngakhale kusuzumira. Tsono munthu akanati, Titenge mtsikana uyu akaphunzire kucira amai obala, nchembere zikanayankha, Kodi mwana angaone umarisece wa amace? Momwemonso maliro: kusambitsa mtembo ndi nchito ya adzukulu, si ya ali yense. Panalinso mantha a mdulo, akuti munthu wotentha akakhudza khanda kapena wodwala, amdula. Koma m'cipatala namwino akhudza onse, wobala, wodwala ndi wakufa, tsiku limodzi. Kholo lopereka mwana wace ku nchito yotere linaoneka ngati lamtaya.

Sitinena kuti azamba a makolo anali opanda nzeru. Manja ao anadziwa m'mene mwana wagonera m'mimba, ndipo pfuko lonse linapita m'manja amenewo. Koma zina sanazidziwe. Anadula mcombo ndi kabango kapena kansungwi, napakapo phulusa ndi zina za pansi. Patapita masiku owerengeka khanda linaleka kuyamwa, nkhongono ziri gwa, nilifa. Nthendayo ndiyo kafumbata, ndipo ilowera pa cironda ca mcombo. Ndiponso mai akacedwa kucira, anamuumiriza kuti aulule amuna amene anayenda nao, poyesa kuti ndico camanga mwana. Pamene cobvuta ceni ceni cinali njira yocepa, yofuna mpeni wa dotolo. Akazi ambiri osalakwa anafa ali kuchula maina a anthu osalakwa. Cimeneci ndico cinasautsa a mishoni, nafuna akazi a dziko lomwe lino amene angalowe m'cikuta momwe dotolo wamwamuna sakanalowa.

Cifukwa cace poyamba sanafune atsikana, koma akazi okhwima, amasiye ndi akazi a aphunzitsi, amene mudzi ukanawamvera. Zipatala zinali kumangidwa: David Gordon Memorial ku Livingstonia caka ca 1911, ca ku Nkhoma caka ca 1915, ndi zina za mipingo yina, ndipo m'menemo asistere anaphunzitsa akazi awiri atatu nthawi imodzi, pambali pa kama wa wodwala. Caka ca 1929 Boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kumene aphunzitsi anapita pamodzi ndi akazi ao. Mwamuna ali kuphunzira za sukulu ndi za cimbudzi ndi citsime, mkazi anaphunzira kulera khanda ndi kuthandiza amai oyembekezera. Pambuyo pace, atsikana oleredwa m'nyumba za pa mishoni atayamba kufika Standard 6, iwonso analoledwa. Cofunika pakhomo masiku amenewo cinali kudziwa kuwerenga ndi kulemba, thupi lamphamvu, ndi kalata ya mbusa kapena wansembe yocitira umboni za makhalidwe.

Kukonzekera kwace kunali kwapafupi. Mtsikana anayenda pansi, mbale wace atamsenzera mphasa ndi copfunda, ndi dengu la ufa la panjira. Atafika, miyezi yoyamba sanagwire jakisoni konse. Anasesa, natunga madzi, nacapa nsaru zomangira zironda kuti zimangidwenso mawa, naphika mipeni ndi singano m'madzi owira. Usiku anayendera odwala ndi nyali ya parafini. Mankhwala anali owerengeka: kwinini wa malungo, mafuta obayira akhate, ndi zotsukira zironda; penisilini anafika kwa ife nkhondo yaikuru yaciwiri itatha. Pamene mankhwala acepa, ukhondo ndi maso a namwino ndiwo mankhwala. Ndipo asistere anali aukali pa zimenezi. Ena a atsikana anathawa usiku umene anaona mtembo woyamba. Otsalawo ndiwo anatembenuza mitima ya midzi, pakuti mai mmodzi wocira bwino m'manja mwa mwana wa pamudzi anaposa maulaliki khumi a za ukhondo.

Komabe onsewa anali othandiza cabe. Unamwino wokwanira, wonga wa Makiwane, unafuna sekondale. Sekondale yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa ku Blantyre caka ca 1940, ndi ya Zomba caka ca 1942, ndipo oyamba kukhala pa mipando yace anali anyamata. Mtsikana wofuna kukhala namwino wolembedwa m'buku anayenera kutuluka m'dziko, kunka ku South Africa, ku Southern Rhodesia kapena ku Britain. Zinasintha ufulu utabwera. Caka ca 1965 National School of Nursing inatsegulidwa ku Blantyre, pafupi ndi cipatala ca Queen Elizabeth. Caka ca 1966 linakhazikitsidwa bungwe la Nurses and Midwives Council, losunga buku la anamwino ndi azamba. Caka ca 1979 kunadza Kamuzu College of Nursing ku Lilongwe, imene kuyambira 2021 iri m'kati mwa Kamuzu University of Health Sciences. Mipingo nayo sinasiye nchito imene inaiyamba: sukulu za ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje, Nguludi, Malosa, Phalombe, Muona ndi Mzuzu zaphunzitsa anamwino ambiri a m'zipatala za kumidzi, ndipo zigwirizana m'bungwe la CHAM. Ndipo taonani m'mene zinthu zizungulira: amuna, amene anali oyamba, nacepa pakati, tsopano alowanso pamodzi ndi alongo ao.

Lero cofunika pakhomo ndi satifiketi ya MSCE, yokhoza bwino Cingerezi, masamu ndi maphunziro a sayansi. Maphunziro a dipuloma ya unamwino ndi uzamba atenga zaka 3, a digiri zaka 4, ndipo potsiriza pali mayeso a Council, amene popanda iwo munthu saloledwa kugwira nchito. Koma ife ogwira coko tinena cimene tiona: mwana wamkazi salephera pa khomo la koleji, alephera kutali, pakati pa Standard 5 ndi Standard 8, pamene ayamba kujomba cifukwa ca kulera ang'ono ace, ca kusowa sopo, kapena ca mwamuna wobwera ndi njinga. Malamulo alipo omthandiza. Kuyambira 1993 mtsikana wotenga pakati aloledwa kubwerera ku sukulu atabala. Kuyambira 1994 sukulu ya pulaimale ndi yaulere. Ndipo lamulo la 2015, lolimbikitsidwa caka ca 2017, laletsa ukwati wa mwana wosafika zaka 18. Koma lamulo liri ku Lilongwe. Pamudzi pali inu, amene mumva mbiri ya cinkhoswe isanamveke kwa mfumu.

Tsono kalata ikafika, poyamba muiwerenge yonse, osati mzere woyamba wokha. Muonetsetse kuti sukuluyo ndi yobvomerezedwa ndi Council, ndipo ndalama zilipidwe kumene kalata yanena, ndi kulandira risiti. Munthu wonena kuti, Ndipatseni kangacepe ndimpezere malo, ameneyo ndi nkhandwe. Za malipiro banja likhale pansi msanga, a kucimuna ndi a kucikazi omwe. Zinacitika kuyambira caka ca 2005, anamwino ambiri atapita ku Britain ndi zipatala zitatsala zopanda anthu, kuti Boma ndi maiko othandiza analipirira ophunzira ocuruka. Koma thandizo lotere liri ngati mtsinje wa cirimwe, ndipo woyambitsa mwana caka coyamba awerengeretu ca ciwiri ndi ca citatu. Taona mabanja otha mbuzi zonse pa phwando lotsazikana, mwana nabwerera pa teremu yaciwiri.

Katundu wace sukulu ilemba yokha: zopfunda, ndowa, neti ya udzudzu, makope, yunifomu ndi nsapato zosapsyata, pakuti adzaima nazo tsiku lonse. Cimodzi makolo aciyesa ca manyado, ndico wochi ya muvi wa masekondi. Koma imeneyo ndiyo khasu lace, pakuti adzawerengera nayo kugunda kwa mtima, kumene kwa munthu wamkuru wopumula kuli pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi imodzi. M'masabata odikira asangokhala pakhonde kulandira alendo. Abwereze Biology wace, nawerenge Cingerezi mokweza tsiku ndi tsiku, popeza teremu yoyamba adzakomana ndi maina a mafupa 206 a m'thupi, ambiri a iwo m'Cilatini, ndi njira ya mwazi pocoka mumtima ndi pobwerera. Adzaphunziranso kusamba m'manja monga sanasambepo, kuyala kama wodwala ali pomwepo, ndi kutaya mphika wa zonyansa za munthu wosamdziwa nkhope yace iri yosakwinyika. Ngati pamudzi pali nkhalamba yogona, ayambe pa iyo. Adzadziyesa yekha ngati nchitoyi ndi yace.

Amai a cigwirizano pomlangiza asaiwale mau a cinsinsi. Azamba akale zimene anaziona m'cikuta anapita nazo kumanda. Ndipo pa cimeneci sukulu siisiyana nao konse. Adzaona matenda a anthu a kwao, ngakhale a akuru a mpingo, ndipo amace omwe sayenera kuwamva. Inunso musamfunse.

Pobwera pa chuti coyamba mudzafuna kumucha adotolo, ndi kumdzera ndi ana otentha thupi kuti awabaye. Mlekeni. Miyezi yowerengeka imeneyo waphunzira kuyesa kutentha ndi kuyala kama. Alibe cilolezo ca kupereka mankhwala, ndipo akakakamizidwa ndi manyazi a pa abale, napereka, mlandu ungamcotsetse sukulu. Akanena kuti, Pitani naye ku cipatala lero lomwe, pamenepo wanena zimene anamphunzitsa. Mubwereke njinga, mupite naye.