Tanthauzo la mawu akuti FCID

FCID ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Fibre Channel Identifier, ndipo amatanthauza nambala imene switch (chipangizo cholumikizira zingwe za netiweki) imapereka kwa port, pamene pali polowetsa chingwe, pa netiweki yolumikiza makompyuta akuluakulu ndi zipangizo zosungiramo deta. Nambalayi ili ndi mabiti 24 ogawidwa patatu, mabiti 8 gawo lililonse. Gawo loyamba, lotchedwa Domain, limaloza switch yeniyeniyo ndipo limayambira pa 1 kukafika pa 239, pamene magawo a Area ndi Port amaloza malo m'kati mwake. Nambalayi isasokonezedwe ndi WWPN, ya mabiti 64, imene chipangizo chimabwera nayo kuchokera kufakitale, pakuti FCID imaperekedwa chipangizo chikamalowa pa netiweki, choncho imatha kusintha.

Kusinthako n'kumene kumavuta. Domain ikasinthidwa, ntchito imene pa switch za Brocade imafuna kuti switchyo iyambe yaimitsidwa, FCID ya port iliyonse imasinthanso, ndipo makompyuta akale a HP-UX ndi AIX, amene ankazindikira madisiki potsata nambalayi, amasowa njira yofikira deta yawo. N'chifukwa chake switch za Cisco MDS zili ndi persistent FCID, dongosolo lobwezera chipangizo nambala imene chinali nayo kale.