Mwambo wa tiyi wa ku China: njira yopumulira ndi yodziphunzitsa kuleza mtima

M'manyumba ambiri a mu Kabwe, tiyi amamwedwa m'mawa mothamanga, ali ndi shuga ndi mkaka, munthu akuyang'ana nthawi yopita ku nchito. Ku China, kumene cakumwaci cinacokera, kuli mwambo wakale umene umatenga tiyi monga nthawi yoimitsa nchito, yokhazika mtima pansi ndi yolemekeza amene wakhala naye.

Dziko la China si lacilendo kwa anthu a mu Kabwe. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi inamangidwa ndi thandizo la dzikoli, ndipo njanji ya TAZARA, imene inatha kumangidwa mu 1975, imathera pa Kapiri Mposhi. Koma mwambo wa tiyi ndi mbali ya cikhalidwe cao imene siidziwika kwenikweni.

Mbiri yake

Buku loyamba lofotokoza za tiyi linalembedwa ndi Lu Yu ca m'ma 760, mu nthawi ya mafumu a Tang, ndipo limachedwa Cha Jing. Bukuli limafotokoza za masamba, ziwiya, moto ndi madzi, ndipo limaika madzi a pa kasupe wa m'phiri patsogolo pa a mumtsinje ndi a pacitsime. Amonke a cipembedzo ca Buddha anali kumwa tiyi kuti asaodzere posinkhasinkha, ndipo anathandiza kufalitsa khalidwe lomwa tiyi mwakacetecete.

Mu 2022, bungwe la UNESCO linaika luso la anthu a ku China lokonza tiyi, pamodzi ndi miyambo yake, pa mndandanda wa cuma ca cikhalidwe ca anthu onse.

Mmene umacitikira

Njira yodziwika kwambiri ndi gongfu cha, yocokera ku Chaozhou m'cigawo ca Guangdong ndi ku Fujian. Liu lakuti gongfu limatanthauza luso limene munthu amapeza pocita cinthu nthawi yaitali mosamala.

Wokonza tiyi amayamba watenthetsa kamphika kakang'ono ndi timakapu ndi madzi otentha. Kenaka amaika masamba ambiri, nathira madzi, ndipo kawirikawiri oyambawo amawataya. Akathiranso, amadikira masekondi owerengeka cabe, nagawira timakapu tonse mofanana kuti pasakhale wolandira tiyi wosukuluka. Masamba omwewo amathiridwa madzi kasanu kapena kuposerapo, ndipo kakomedwe kake kamasintha nthawi iliyonse. Shuga ndi mkaka sizithiridwa.

Wolandira amathokoza pogogoda tebulo pang'ono ndi zala. Pa ukwati, mkwati ndi mkwatibwi amapereka tiyi kwa makolo ndi manja awiri, ulemu umene ngakhale mwana wa ku Zambia amaudziwa popereka madzi kwa wamkulu.

Kodi mpumulo umacokera kuti?

Masamba a tiyi ali ndi kafini, amene amagalamutsa thupi, ndiponso L-theanine, amene asayansi akhala akufufuza mphamvu yake yokhazika mtima pansi. Koma mbali yaikulu ya mpumulo ili m'kacitidwe kake. Munthu amene akuyang'anira kutentha kwa madzi ndi kuwerenga masekondi sangathe kuganizira ngongole, lendi ndi foni panthawi imodzimodziyo. Akafulumira kapena akaiwala, tiyi amawawa, ndipo colakwaco amacilawa yekha. Ndi cifukwa cake ocita mwambowu amauona monga sukulu ya kuleza mtima.

Zoyenera kusamala

Tiyi si mankhwala. Kumwa wambiri madzulo kumasowetsa tulo, ndipo kumwa pamodzi ndi cakudya kumacepetsa ayironi amene thupi limatenga, nkhani yofunika kwa amai apakati ndi odwala kucepa kwa magazi.

Mu Kabwe mulinso vuto la mtovu umene unatsala mu dothi mgodi utatsekedwa mu 1994, makamaka m'makomboni monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikucotsa mtovu. Motero madzi ndi makapu ziyenera kuvundikiridwa kuti zisalowe fumbi, ndipo manja asambidwe.

Mwambowu sufuna ziwiya zodula. Tiyi wa ku Kawambwa m'cigawo ca Luapula, ndi wa ku Mulanje ndi Thyolo ku Malawi, amacokera ku comera cimodzimodzi ndi wa ku China, cochedwa Camellia sinensis. Ketulo pa mbaula, makapu awiri oyera ndi mphindi 20 zopanda foni n'zokwanira kuti munthu ayambe.